Madontho Oyera Pankhope ya Mayi Esnat

Inu amene mwalakwa mayeso, ndi inu amene anthu amakudutsani ngati mpando wa m'nyumba, khalani pansi mumve za Pilira. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndiye za makina ndizinena mmene ndinazionera ndi maso, osati mmene amazinenera ophunzira.

Kumayambiriro a chaka cha 1999, Pilira anaima pa renki ya matekisi ku Marabastad, ku Joni, atatambasula nyuzipepala. Masiku amenewo mayina a ana okhoza matiriki, mayeso omalizira sekondale, ankatuluka m'nyuzi. Anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anabwereza. Kachitatu anayambira pansi kukwera m'mwamba, ngati kuti dzina lingabisale. Munalibe. Ndipo aka kanali kachiwiri kulemba.

Anapinda nyuzi ija n'kukwera tekisi ya ku Olievenhoutbosch, kumene makolo ake ankakhala m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni. Bambo ake, a Chakufwa, a ku Ntcheu, ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Faerie Glen. Mayi ake, a Esnat, ankagwira ya m'nyumba pa yadi yomweyo. Mwanayu anali mmodzi yekhayo. Anabwera naye ku Joni ali ndi zaka 13, akunena kuti uyu yekha asadzagwire mopu.

A Chakufwa atamva anatuluka panja kukanola sizasi yodulira maluwa imene inali yakuthwa kale. A Esnat anamusiya mwana alire mpaka atatopa, kenako anati:

"Wamaliza? Lolemba udzuka nane. Nyuziyo usataye, ndi yabwino popukutira mawindo."

Ndi mmene Pilira anagwirira mopu.

Abwana awo anali mzungu, mayi Lena. Mu galaja ya nyumba yawo simunkagona galimoto. Munali makompyuta atatu, kamera, nyali zikuluzikulu ndi mpando umodzi pakati. Ankapangiramo zidole zoyenda ndi kulankhula, zija mumaziona pa TV potsatsa malonda. Pilira anamupatsa galaja imeneyi kuti azikolopamo, ndipo lamulo linali limodzi: usakhudze kanthu.

Ntchito yawo inkayenda chonchi. Amamukhazika munthu pampando paja n'kumuika timadontho ta penti kumaso: pachipumi, pansidze, m'masaya, kuzungulira milomo, pachibwano. Timadontho 42. Kenako amamujambula vidiyo akulankhula, akukwiya, akuseka. Kompyuta imatsata kadontho kalikonse kumene kakupita. Ndiye m'kompyutamo muli mutu wa chidole, wopanda tsitsi, wotuwa ngati dongo, nawonso uli ndi malo ake 42. Kadontho ka patsaya la munthu kakakwera, tsaya la chidole limakweranso. Basi. Munthu amachibwereka chidolecho nkhope yake.

Koma kompyuta ndi yopusa. Munthu akaphethira mwamphamvu kapena kutembenuka pang'ono, imataya kadontho n'kugwira kena. Pamenepo pamafunika wina akhale pansi, abweze kadonthoko pamalo pake ndi dzanja, chithunzi chimodzichimodzi. Ndipo sekondi imodzi ya vidiyo ili ndi zithunzi 25. Ntchito imeneyi inali ya Bongani wa ku Mamelodi, wa mapepala a ku koleji, ndipo ankadana nayo koopsa.

Tsiku lina Pilira akukolopa kumbuyo kwa Bongani anaona chidole chikumwetulira pagalasi la kompyuta. Mawu anangomupulumuka.

"Chikunama icho."

Bongani anatembenuka. "Eish, mopu yayamba kulankhula? Chikunama chiyani, Malawi?"

"Pakamwa pakuseka, koma maso akudikira kuti uchoke. Ndi mmene amasekera madamu alendo akachedwa kunyamuka."

Sanadziwe kuti mayi Lena aima pakhomo. Mayiwo anafiira makutu, kenako anasendera pafupi n'kuyang'anitsitsa. Timadontho tiwiri ta pansi pa maso tinali titaima malo amodzi. Mtsikana wa mopu ananena zoona.

Musadabwe nazo. Mwana wa wantchito amaphunzira kuwerenga nkhope asanaphunzire kuwerenga buku. Akangolowa pa geti amadziwa ngati lero n'lopempha tchuthi kapena n'loyenda chozemba m'mbali mwa khoma. Sukulu imeneyo Pilira anakhoza kalekale, kungoti ilibe satifiketi.

"Poti ndiwe dokotala wa nkhope, khala apa," anatero Bongani. "Ine ndikukadya."

Anamugwiritsa kachipangizo koyendetsera zinthu pagalasi, n'kumuuza kuti pa Chingerezi dzina lake ndi mbewa. Tsiku limenelo anakonza zithunzi zisanu ndi chimodzi pa ola lathunthu. Atakafotokoza kunyumba, a Chakufwa anangoti wa ku Ntcheu sangalephere kugwira mbewa.

Mayi Lena anavomera, koma anati mopu iziyamba. Ndiye Pilira ankakolopa m'mawa, masana anzake akamadya iye ali pa kompyuta, buledi ali pamwendo. Analakwitsa kambirimbiri. Ulendo wina anasinthanitsa kadontho ka mlomo ndi ka mphuno, chidole chinayamba kutafuna mphuno yake yomwe. Anamuseka sabata yathunthu. Sanaleke. Anagula kope n'kumajambulamo masaya ndi nsidze za anthu a m'tekisi, mpaka mayi wina anamukalipira kuti, "Ukundiyang'ana chiyani iwe, ndakudyera chako?"

Zinatero zaka zinayi. Dzina lake pa yadi paja linali lomwe lija: wokolopa.

Mu 2003 kunabwera ntchito yochokera ku bungwe lina la zaumoyo. Ankafuna kafilimu kakafupi koti kazionetsedwa m'makiliniki, kolimbikitsa odwala TB kuti azimaliza mankhwala. Chidole chake chinali mayi wogulitsa tomato amene wachira, ndipo kumapeto amaseka. Analemba ganyu mzimayi wochita zisudzo, anamujambula, anakonza zonse. Manesi awiri a bungwe lija atabwera kudzaona, anapukusa mitu.

"Amayi a tomato saseka chonchi. Uyu ndi wa pa siteji. Odwala athu sakhulupirira."

Atachoka, mayi Lena anamuitana Pilira.

"Bongani akusamukira ku Cape Town mwezi ukatha. Mpando wake ukhala wopanda munthu, ndipo pali wa digiri amene walemba kale kalata. Manesi abweranso Lachisanu, pakatha masabata awiri. Chidolechi chikaseka iwo n'kuvomera, mpando ndi wako. Akakana, ndiitana wa digiri, ndipo iye sadzalola wa mopu pa kompyuta yake."

Pilira sanavutike kuganiza kuti nkhope aipeza kuti. Ku Olieven konse kunalibe munthu woseka ngati mayi ake. A Esnat akaseka, anthu a pa yadi yachitatu ankasekera limodzi osadziwa nkhani yake.

"Nkhope yanga yomweyi?" anafunsa a Esnat. "Ndiye mukaitenga, ine nditsala ndi chiyani?"

"Amayi, sitichotsa. Timangobwereka."

"Hmm. Bola mubweze ilibe zipsera."

Lolemba anawakhazika pampando paja. Pilira anawaika timadontho toyera, chifukwa takuda sitioneka bwino pakhungu lathu. Kamera itayamba, a Chakufwa anasuzumira pawindo ali ndi khasu m'manja.

"Kodi ine ndinakwatira munthu kapena nkhanga?"

A Esnat anaphulika nako kuseka. Ndipo nthawi yomweyo dzanja linafika pakamwa, litanyamula nsonga ya chitenje. Timadontho tonse ta pamilomo tinabisika, tina tinafufutika. Kompyuta inasochera.

Anayesanso. Chimodzimodzi. Anayesa kasanu ndi kawiri, dzanja linkafika kuseka kusanatuluke n'komwe.

Sikunali kuvuta. Kwathu mtsikana amalangizidwa kuti mkazi saonetsa mano pagulu, ndipo a Esnat malangizo anawasunga. Komanso dzino lawo lakutsogolo linathyoka ali mtsikana, atagwa ndi mtolo wa nkhuni. Dzanja lija linali litazolowera ulendo wake zaka makumi anayi. Silinkafunsanso mwini wake.

Lachiwiri anawauza kuti manja akhale pamiyendo. Anamvera, koma nkhope inauma ngati ya mboni m'khoti. Lachitatu Bongani anati akhalire manjawo. A Esnat anaimirira.

"Ine si mkaidi. Zovala za madamu zikundidikira."

Anapita kukasita.

Lachinayi ndi Lachisanu Pilira anayesa kungoganizira. Anatenga vidiyo ya Lolemba ija n'kumaika timadontho tobisikato pamene ankaona ngati tingakhale. Atachiyendetsa chidole, chinakwinya milomo ngati chaluma tsabola.

"Sisi," anatero Bongani, "chikuseka kapena chikubereka?"

Pilira anatuluka kukapeza bambo ake akuthirira maluwa.

"Ababa, Amayi akamaseka, mlomo wam'mwamba umapita pati?"

A Chakufwa anaima chilili, paipi ili m'manja. Zaka 27 za ukwati. Ankadziwa phokoso lake. Ankadziwa mmene mapewa amagwedezekera, mmene maso amatsinzinira, ndi misozi imene inkatsikira pa zala. Koma pakamwa pa mkazi wawo akuseka anali asanapaonepo. Madzi a mu paipi anadzaza bedi la maluwa mpaka kusefukira, iwo ataima pompo.

Sabata imodzi inatha choncho.

Loweruka m'mawa Pilira anakhala pakhomo la kachipinda kawo, atataya mtima. Masiku amenewo madzi ankatunga pa mpopi wa anthu onse kumapeto kwa msewu. Anaona mayi ake akubwera, ndowa yodzaza ili pamutu, dzanja lamanja litagwira m'mphepete mwa ndowayo, lamanzere litanyamula chigubu. Nthawi yomweyo a Uladi, oyandikana nawo, ankathamangitsa nkhuku ya ndiwo. Anaterereka m'matope n'kugwa chafufumimba, nkhuku ija inawadumphira pamsana n'kuima pomwepo.

A Esnat anaseka. Dzanja lina lili kundowa, lina lili kuchigubu. Kuwerama sakanatha, kutembenuka sakanatha, madzi akanatayika. Anaseka nkhope ili poyera, mlomo wam'mwamba utakwera mbali imodzi kuposa inzake, mpata wa dzino uli pamtunda.

Pilira anaimirira kukamwa kuli yasa.

"Iwe, m'malo monditula ukundiyang'ana ngati ng'ombe?"

"Amayi, Lolemba mudzasenzanso."

Lolemba mayi Lena atamva za ndowa anagwira mutu. Madzi m'galaja, pafupi ndi makompyuta? Ayi. Ndiye anatulutsa kamera panja, pamthunzi wa khoma, chingwe chikudutsira pawindo. A Chakufwa anadzaza ndowa ndi paipi ya m'gadeni mpaka pakamwa, anadzazanso chigubu. Pilira anaika timadontho, n'kuwasenzetsa mayi ake. Mayi Lena atayang'ana m'kamera anati chiyambire ntchitoyi sanaonepo munthu woimika mutu chilili ngati ameneyu.

Koma a Esnat anali atazindikira msampha.

"Ndakudziwani nonsenu. Lero sindiseka."

Anatseka milomo kuti ndii. Bongani anayesa nthabwala zake, zinagwa pansi. Mayi Lena anayesa kulankhula Chichewa, a Esnat anangowayang'ana mwaulemu. Tepi ikuyenda, khosi likutopa, thukuta layamba kutsikira kumene kuli timadontho. Pilira anadziwa kuti akawatula ndowa imeneyi sadzalolanso kusenza.

A Chakufwa anali munthu wosalankhulalankhula, mkulu wa mpingo, woti ngakhale kutchalitchi sankaomba m'manja mokweza. Anazemba n'kulowa m'galaja. Anatenga kabotolo ka penti yoyera kaja n'kudzidontheza nkhope yonse, mpaka pa dazi. Anathyola duwa limodzi la mayi Lena, limene akanathyola munthu wina akanamuthamangitsa ndi khasu. Anabwera n'kugwada pa kapinga, kumbuyo kwenikweni kwa kamera.

"Odi kuno! Ndine tambala wa nkhanga, ndachokera ku Ntcheu wapansi. Ndamva kuti pakhomo pano pali mbeta."

A Esnat analimbana nako. Masaya anayamba kunjenjemera. Madzi a m'ndowa anayamba kuvina. Kenako kunaphulika.

"Inu bambo a Pilira! Mkulu wa mpingo! Ukalamba wonsewu! Chokani apa!"

Anaseka madzi akutayikira kumsana, manja onse ali pantchito, nkhope ili kwa kamera ndi kwa mwamuna wawo. Masekondi khumi ndi imodzi. Zithunzi 275.

Pilira anakhala nazo masiku atatu. Kompyuta inkataya timadontho ta m'mbali mwa maso chifukwa makwinya ankatimeza, iye n'kumatibweza kamodzikamodzi. Mlomo wokwera mbali imodzi uja Bongani anati auwongole kuti ukongole. Anakana. Anati kuseka kuli pomwepo.

Lachinayi a Esnat analowa ndi tiyi, n'kuima kumbuyo kwa mwana wawo. Anachiyang'ana chidole nthawi yaitali.

"Chili ndi mano onse?"

"Ndikhoza kuchotsa limodzi kuti chifanane nanu."

"Usayerekeze. Lisiye. Ndi langa lija, labwera."

Lachisanu manesi aja anafika. Anakhala manja atapinda pachifuwa. Mayi wa tomato wa m'kompyuta analankhula za mankhwala, za miyezi isanu ndi umodzi, za kusalekeza panjira. Kenako anaseka. Nesi wamkulu anayamba kuseka naye, ndipo dzanja lake linathamangira pakamwa.

"Ameneyu ndimamudziwa," anatero. "Amagulitsa pa geti la kiliniki yathu."

Atachoka, Bongani anapita kuseri kwa chitseko n'kutenga mopu. Anakolopa pansi pa mpando wake mosamala, anaukoka, n'kuwerama.

"Khalani, abwana."

Pilira anakhala pampando umenewo zaka zitatu. Kenako kampani yaikulu ya ku Johannesburg inamuitana, ndipo ana a madigiri anayamba kubwera kwa iye kudzafunsa chifukwa chimene zidole zawo zikuonekera ngati mitembo. Iye amawauza kuti asiye kaye kompyuta, akakwere tekisi, akayang'ane anthu. Makolo ake anawachotsa m'kachipinda ka malata n'kuwaika m'nyumba ya njerwa ya mpopi m'kati. A Esnat ndowa ija anakana kuitaya. Anadzalamo tsabola.

Mu Juni 2008 a Esnat anadwala masabata atatu okha, n'kutisiya. Tinakawaika kwathu ku Ntcheu. Ndati tinakawaika, chifukwa a Chakufwa aja ndine, amene ndakulemberani izi.

Chaka chotsatira ndinapita ku kiliniki kukatenga mankhwala a BP. Ndinakhala pa benchi, khadi m'manja, mzere wautali. Pakona panali TV imene palibe ankaiyang'ana. Ndinangomva mawu a mankhwala, a miyezi isanu ndi umodzi. Nditadzutsa mutu ndinaona mayi wa tomato. Mawu anali a munthu wina, chitenje cha wina, mano onse alipo. Koma mlomo unakwera mbali imodzi, maso anatsinzina, masaya ananjenjemera kaye kusanaphulike. Anthu atatu pa benchi paja anaseka nawo osadziwa chifukwa chake.

Bambo amene anakhala pambali panga anandigunda ndi chigongono.

"Madala, mukulirira zidole?"

"Ayi," ndinatero. "Mayiwo ndikuwadziwa. Asenza ndowa, kungoti inu simukuiona."

Anasendera kutali pang'ono. Nambala yanga anaitana ndili pompo, ndinaisiya idutse, kudikira kuti kafilimuko kabwerenso.

Ndiye inu amene dzina lanu silinatuluke m'nyuzi, tamverani munthu wokalamba. Mwana wanga analakwa kawiri. Anapukuta mawindo ndi pepala lomwe linamukana. Chimene chinamukweza anali nacho kale m'maso mwake, anachiphunzira pa geti la eni, pamene inu mukuti palibe chophunzira. Zaka zinayi za buledi pamwendo palibe anamuombera m'manja. Akanaleka chaka chachitatu, akanaleka Loweruka lija m'mawa, bwenzi ine ndikupita kumanda osaona mkazi wanga akuseka.

Pamene mulipo yang'anitsitsani, pali chimene mukuchiona inu nokha. Chigwireni, mubweze kadontho kamodzi lero, kena mawa. Mtima wokhawo musautaye, ana anga. Osautaya.